Mapaketi Asanu Opsa Pakona

Chinthu choyamba chimene manja angawa anaphunzira ndi mfutso. Amayi ankati masamba ukayanika pamphasa usangowasiya, uziwatembenuza, apansi abwere pamwamba, apamwamba apite pansi, dzuwa liwakwanire onse. Ine ndinkaona ngati n'zongovutitsana. Sindinkadziwa kuti ndi ntchito yomweyi imene idzandilowetse m'shedi ya Anti Felesiya, kuseri kwa chigayo, m'tauni ina ya fumbi lofiira.

Anti sankagulitsa chamba. Ankanena okha kuti, "Chamba n'cha m'munda, mlandu wake aliyense amaudziwa. Changachi n'cha m'botolo, jaji sanachimvepo." Anali masamba wamba am'tchire, ouma. Tinkawayala pamphasa, Anti n'kuwapopera ndi sipuleya ya thonje madzi enaake onunkha ngati ochotsera penti ya m'zikhadabo. Kenako ife atsikana atatu tinkatembenuza. Katatu, osadumpha.

"Ukapanda kutembenuza, apamwambawo amamwa mankhwala onse," ankatero Anti. "Paketi imodzi ya apamwambawo ndi bokosi la maliro. Mwamva, atsikana inu?"

Tinkati tamva.

Akauma tinkalongedza m'timapulasitiki, n'kumata pakamwa ndi kandulo ngati mmene amamatira mtedza wokazinga. Ine ndinali shasha pomata, mzere woongoka, osapsereza olo kamodzi. Anyamata ankachitchula kuti Sofa, poti ukasuta umakhala pansi osafunanso kudzuka. Khonsolo inaika notisi pachipupa cha msika kuti Sofa ndi woletsedwa. Mmawa wake Anti anati kuyambira lero dzina lake ndi Bulangeti. Tinaseka mpaka misozi.

Wonyamula katundu anali mlongo wanga, achimwene Maliseni. Ankapalasa kabaza. Khushoni ya njinga yawo inali yofiira, ndipo inang'ambika pambali, ine ndinasoka ndi ulusi wabuluu poti wofiira kunalibe. Anandiuza ndisiye kampata kolowa zala ziwiri. Mmenemo ndi mmene ankasungamo zawo zosuta. Ankasuta, inde. Amayi atamwalira tinatsala awiri basi, nde sindinkawakalipira kwambiri, ndinkaopa angandithawe.

Tsiku limenelo dzuwa linali pamutu. Anti anali atangomaliza kupopera, masamba akunyezimira, tisanatembenuze olo kamodzi. Mayi wogulitsa zitumbuwa kumsewu anakuwa kuti galimoto ya khonsolo yakhota. Anti anati, "Longedzani! Longedzani chilichonse!" iwo n'kudumpha pawindo ndi botolo lawo. Anzanga awiri anathawa. Ine sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatapa apamwamba penipeni, onyowa, n'kuyamba kumata. Ndinkamata mothamanga, moto unkanyambita pakona, paketi iliyonse n'kuda ngodya imodzi. Ndinamata asanu.

Achimwene anali pakhomo, phazi limodzi pa pedulo. Anatola asanu aja pamiyendo panga, n'kuwakankhira m'khushoni.

"Awa ndi anga, sisi. A tsiku lovuta."

Ndinatsegula pakamwa. Wezulo ya a khonsolo inalira. Ndinaona msana wa achimwene ukulowa m'kanjira ka pakati pa mipanda, basi.

A khonsolo anandigwira n'kundisunga masiku angapo, ndikusesa bwalo la khonsolo. Nditatuluka, m'chipinda chathu munali anthu ena. Nambala ya achimwene sinkapezeka. Pasiteji ya kabaza anandiuza kuti atsika kunsi, kumene lamulo silinafike.

Nde ndinayamba kuyenda. Uthenga wanga unali waufupi kwambiri, woti munthu anganene akudutsa: opsa pakonawo musasute, sindinatembenuze.

Tauni yoyamba inali yotentha, m'mbali mwa mtsinje waukulu, anthu ake pothokoza amati takhuta. Pakhomo la msika panali mayi wa zitumbuwa, ndipo ndingalumbire kuti anali yemwe uja, koma sanandizindikire. Pasiteji ndinafunsa za khushoni yofiira ya ulusi wabuluu.

"Anali pompano dzulo," anatero wina akutafuna nzimbe. "Mufufuze mawa."

Mawa lake ananenanso chimodzimodzi.

Ndinapeza ganyu pashopu yotayipa ndi kupulinta. Zala zanga zinazolowera foni, nde kompyuta sinandivute. Lolemba lililonse mmawa kunkabwera kalaliki wa khonsolo, a Fombe, ndi pepala la mayina atsopano oletsedwa. Sofa, Bulangeti, Ndege, Kaphiri, Mwezi Wathunthu. Ndinkatayipa, iwo n'kukamata kumsika. Masana ake kunkabwera anyamata a zipewa kudzapulintitsa timalebulo ta mayina ena. Makina omwewo, inki yomweyo. Nthawi zina ankakumana pakhomo n'kupatsana moni.

Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Bwana, mungaonjezereko chimodzi? Paketi iliyonse yopsa pakona."

"Dzina lake ndi chani?"

"Ilibe dzina. Ndi yopsa pakona basi."

A Fombe anavula magalasi. "Mwana wanga, lamulo limafuna dzina. Ndikalemba kuti yopsa pakona, tigwira onse ogulitsa mtedza. Kenako amayi awo abwera kunyumba kwanga."

Anaseka, mwini shopu anaseka, inenso ndinaseka kuti asandifunse zambiri.

Sabata yomweyo, kapena mwezi womwewo, ndinapeza anthu ataunjikana pa depoti. Pakati pawo panali bambo ataima chowerama, mutu pafupi ndi mawondo, manja akulendewera ngati akufuna kutola kanthu. Sankagwa, sankadzuka. Ntchentche zinkalowa m'kamwa n'kutuluka. Wina anati waima choncho kuyambira basi yoyamba. Ndinayamba ndi kuyang'ana mapazi. Achimwene ali ndi chala chachikulu chopindika, sipoko inawavulaza ali mwana. Zala za bamboyo zinali zoongoka. Ndinapuma. Kenako ndinaona chimene ankafuna kutolacho: kapulasitiki kopanda kanthu, kakuda ngodya imodzi. Mzere womatawo unali wanga.

Wina atamugwira paphewa, bamboyo anagwa ngati chitseko, osadzukanso.

Ndinadziuza kuti achimwene anaberedwa. Pasiteji pamakhala akuba ambiri. Anatsala anayi.

Ndinakwera lole ya makala kupita kumtunda. Sindikudziwa ndinayenda masiku angati. Mango anapsa n'kutha ndili m'njira, foni yanga inasweka sikirini, ndinkawerenga mameseji kudzera m'ming'alu.

Tauni yachiwiri inali paphiri, yozizira, chifunga mpaka masana. Kumeneko pothokoza amati yewo. Mayi wa zitumbuwa anali pakhomo la msika atavala juzi. Pasiteji anati, "Wa khushoni yofiira? Anali pompano dzulo."

Ganyu ndinaipeza pakachipatala kakang'ono, kuchapa nsalu za pabedi. Nesi wake, Sisita Nyauhango, tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Mukukhumba vichi kuno, imwe?" Ndinati ndikufuna ntchito iliyonse. Anandiphunzitsa kuti nsalu ya magazi ndi masanzi umayamba ndi madzi ozizira, ukathira otentha banga limakhazikika mpaka kale. Anandiphunzitsanso kumanga munthu pabedi ndi chitenje osamupweteka m'mikono.

Khonsolo ya kumeneko inatopa ndi mayina. Inati chilichonse cha masamba m'pulasitiki chikagwidwa, chiziotchedwa poyera tsiku la msika, anthu aone ndi maso. Tsiku loyamba kuotcha anaika mipando, anabweretsa chimkuzamawu, wapampando anavala tayi. Mulu unali wofika m'chiuno. Anathira parafini, anayatsa, anthu anaomba m'manja. Kenako mphepo inatembenuka. Utsi unagona pansi n'kulowa m'msika mwakachetechete. Wapampando anasiya kulankhula pakati pa chiganizo, n'kumangoyang'ana dzanja lake. Amayi a tomato anakhala pansi mmodzimmodzi. Mbuzi ina inaima ndi miyendo itatu mpaka dzuwa kupendeka. Palibe anakuwa. Chimkuzamawu chokha chinkangolira, piii.

Tsiku limenelo tinachapa mpaka manja kusupuka. Onse anadzuka, kungoti mutu. Nde anthu ankaseka poikamba nkhaniyi.

Amene sanasekedwe anabwera patapita nthawi, mmawa, pangolo. Anyamata awiri ocheka matabwa, ankagwira sowo imodzi, wina pamwamba wina pansi. Mmodzi anali atauma kale. Winayo ankadzimenyetsa pangolo, tinamugwira anthu anayi. Ndinayang'ana mapazi onse anayi ndisanayang'ane nkhope. Sisita anakhuthula matumba awo m'mbale yachitsulo monga mwa lamulo: machesi, chingwe cha choko, kiyi, timapulasitiki tiwiri topsa pakona.

"Ukuyang'ana chani choncho?" anandifunsa.

"Palibe, Sisita."

"Ukutidziwa?"

"Ayi."

Wamoyoyo anadzuka tsiku lachitatu. Mayi ake anabwera ndi phala, iye n'kuwafunsa mwaulemu kuti, "Pepani, ndinu a ndani?" Anafunsa choncho tsiku lililonse mpaka ine kuchoka.

Ndinadziuza kuti achimwene anagwetsa. Msewu wa paphiri ndi wa mabampu, kampata kaja mwina kanakula. Anatsala awiri.

Kuyambira pamenepo ndinkaopa phokoso la belu la njinga. Ndinkaopanso likasowa. Ndinkalota masana ndili maso, ndikuyenda: achimwene akhala pansi pa mtengo, tayala laphwa, mvula ikubwera, alowetsa zala ziwiri m'khushoni. Ndinkathamanga kuti ndiwapeze, koma miyendo inkangoyenda mmene imayendera.

Tauni yachitatu inali iwiri. Pakati panali kamlatho ka ngalande youma. Tsidya lino khonsolo inaletsa zonse, dzina kaya palibe dzina. Tsidya linalo ndi khonsolo ina, makhansala ake anali asanakumanebe, chaka ndi chaka ankati mwezi wamawa. Nde ogulitsa ankakhala pa benchi tsidya ilo, phazi limodzi kuchokera pamlatho. Alonda a khonsolo ankakhala pa benchi tsidya lino. Ankabwerekana chaja. Wogula ankawoloka, kusuta konko, n'kubwerera. Akagwera pakati pa mlatho, mbali ziwirizo zinkayamba kukangana kuti ndi wa ndani.

Mayi wa zitumbuwa ankakhala pamlatho penipeni. Uyu anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa chimodzi chaulere.

"Anali pompano dzulo," anatero a pasiteji ya tsidya lino. A tsidya ilo anati, "Wangowoloka kumene."

Kumeneko ndinakumana ndi a Che Jafali, okonza makhushoni a kabaza pansi pa mtengo wa mthethe. Ndinaima kuwaonerera tsiku lathunthu. Madzulo ake anati, "Mwana iwe, maso akowa akufuna singano kapena akufuna mwamuna?"

"Singano, madala."

"Sikomo. Mwamuna ndikanakuuza kuti ndilibe."

Anandiphunzitsa kusula singano kuchokera ku sipoko, kupaka ulusi sera, kudula siponji ndi mpeni wonyowa. Ine chimene ndinkafuna n'choti khushoni iliyonse m'tauniyo idutse m'manja mwanga. Ndinkazitsegula zonse, olo yongofunika kachigamba. M'makhushoni mumakhala zinthu, inu. Zithumwa, makalata a chibwenzi, mapilitsi, dzino la mwana. Che Jafali ankati chimene wapeza m'khushoni umabwezera momwemo n'kusoka, pakamwa pakonso n'kusoka.

Wachinayi sanali mwamuna. Anali mayi wogulitsa nthochi, wa mwana kumsana, dzino linamuvuta sabata yathunthu, tsaya litatupa. Wina anamuuza kuti kokani kamodzi kokha, ululu uthawa. Anamupeza atakhala bwinobwino pambali pa dengu lake, maso otsegula, mwana akuyamwabe. Kapulasitiki kopsa pakona kanali pa chitenje, theka la masamba likadalimo. Ndinakatola anthu asanaone, ndinakakwirira m'ngalande ndi manja.

Apa ndinasowa chodziuza. Ndinangoti yatsala paketi imodzi, ndipo imeneyo ndi ya achimwene. Munthu sasunga chinthu zaka zonsezi kuti apatse wina. Tsiku lovuta limafika kwa aliyense.

Che Jafali anandipatsa singano ziwiri ndi mpukutu wa ulusi. "Ukumusaka ndani sindikufunsa," anatero. "Koma ukamupeza, usayambe ndi kulira. Yamba ndi chimene unabwerera."

Ndinadutsa malo ambiri amene sindingawasiyanitse. Kwina ankameta mpala aliyense wogwidwa. Kwina analetsa mapulasitiki ang'onoang'ono onse, anthu n'kumagula mchere m'manja. Kwina ankati vutoli kulibe, ndipo amene wanena kuti lilipo ndi amene ankagwidwa. Paliponse ndinkayala kasaka pasiteji, kusoka makhushoni, kufunsa funso langa. Tsitsi linakula, ndinameta, linakulanso.

Tauni yomaliza inali ya fumbi lofiira, ndi chigayo chimene kulira kwake ndinkakudziwa. Sindikunena kuti inali yomwe ija. Kuseri kwa chigayo kunalibe shedi, kunali tchalitchi cha malata. Pakhomo la msika panalibe wa zitumbuwa, panali bokosi lachitsulo lobiriwira, lokhoma ndi loko, la kabowo pamwamba. Notisi yake inkati aliyense amene ali nazo aponye muno, palibe funso. Pambali pa bokosilo panali mlonda wa khonsolo pampando, foni m'manja, kamera itayang'ana kubowoko.

Ndinayala kasaka kanga. Sindinafunse aliyense, ndinali nditatopa nalo yankho lija. Dzuwa litafika pamutu, munthu anaponya khushoni patsogolo panga.

"Mayi, iyi mungaipange bwanji? Yakalamba koma ndimaikonda."

Inali itachita dothi, kufiira kunatsala m'makona mokha. Ulusi wabuluu unali pomwepo. Ndinayang'ana phazi. Chala chopindika, mu sandasi yatsopano.

Ananenepa. Anavala chibu chonyezimira cha akabaza, cholembedwa kumsana kuti tcheyamani. Masaya odzadza, maso oyera ngati a munthu amene amagona bwino.

"Achimwene."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Sisi? Iwe! Aise, tabwerani mudzaone, mlongo wanga uja ndinkanena uja! Wakuda bwanji iwe, unkakhala m'ng'anjo?"

Sindinalire. Ndinalowetsa zala ziwiri m'kampata. Kenako ndinatenga mpeni n'kung'amba khushoni yonse, siponji n'kugwera m'fumbi. Munalibe kanthu.

"Opsa pakona aja," ndinatero. "Musasute. Sindinatembenuze."

Zaka zonse zija, ndipo zinatenga mpweya umodzi.

Achimwene anauza anzawo kuti apite, n'kunjuta pafupi nane. Anatsitsa mawu.

"Ndinadziwa, sisi."

"Munadziwa chani?"

"Tsiku lomwe lija, nditafika kutchire ndinawatulutsa. Iwe chiyambire sunapserezepo paketi. Ndinaona makona, ndinaona kunyowa, ndinati apa mwanayu anatapa apamwamba. Ndinachita mantha siriyasi. Moti kuyambira tsiku limenelo sindinasutenso chilichonse, ungafunse aliyense. Unandipulumutsa iwe."

"Nde munawatani?"

Anayang'ana kumsewu.

"Achimwene, munawatani?"

"Iwe ukudziwa moyo wa panjinga. Tsiku lina tayala, tsiku lina malungo, tsiku lina alanda njinga. Munthu akubwera yekha, akuti mani muli nako kena kake? Ine sindinakakamize munthu. Ndipo ndinkawauza kuti n'champhamvu, pang'onopang'ono. Ndikagulitsa ndinkachoka tauniyo mawa lake, sindinkafuna kumva."

"Ine ndinamva. Ndinawaona onse. Wina anali ndi mwana kubere."

"Usandiuze."

"Paketi yachisanu ili kuti?"

Anapukuta kumaso ndi chibu chija. "Imeneyo ndinkafuna kuponya m'bokosimo, Mulungu akuona. Katatu ndafika pafupi. Koma mdala uja amajambula, sisi, ati palibe funso koma mawa lake nkhope yako ili pa gulu la pafoni la khonsolo. Ine pano ndine tcheyamani, ndili ndi mkazi, uona mwana wanga, dzina lake ndi la amayi. Nde mmawa uno ndati ingochoka. Sindinagulitse, shuwa, ndangomupatsa."

"Ndani?"

"Sindikumudziwa. Wokweza kabichi palole. Wamtali, chipewa chachikasu, dzino lakutsogolo losweka. Anati akasuta akatsitsa katundu."

"Lole yapita kuti?"

Analoza ndi mlomo msewu wotsika kunsi.

Ndikuuzani chinthu chimene sindinauze munthu. Atanena kuti sindinasutenso, mumtima mwanga munayera. Atanena za tayala ndi malungo, munali mukadayera. Ndinaona mayi wa nthochi uja, ndinaona wocheka matabwa akufunsa mayi ake kuti ndinu a ndani, ndipo pansi pa zonsezo kamtima kanga kankavinabe kuti ali moyo, ali moyo, chala chake chopindika chili mu sandasi. Mantha onse a m'njira muja sanafike pa mantha amene kuvina kumeneku kunandipatsa.

Ndinatola siponji, ndinaiika pa kaliyala chomwecho yosasoka, ndinakhalapo.

"Palasani."

"Sisi, lole ndi njinga? Tiye kaye kunyumba, ukasambe, udye, alamu ako akuone."

"Palasani, achimwene."

Anapalasa. Anatuluka thukuta mpaka chibu kumata pamsana. Pamphambano yoyamba anatiuza kuti yadutsa kalekale. Pa yachiwiri anati malole a kabichi adutsa atatu, wina wakhota, awiri apitirira. Pamenepo achimwene anaima, anati mwendo wagwira, ndiponso anthu akuwadikira pasiteji. Sindinawakakamize. Anandigwira dzanja, anati ndisasowenso, anandilembera nambala yatsopano. Ndinaona msana wawo ukubwerera, siponji ikulendewera kumbuyo.

Pano ndakhala pamwala pamphambano pomwepo, batire yatsala pang'ono. Ndatumiza izi ku gulu lililonse la pafoni limene ndilimo, la makhushoni, la kuchipatala kuja, la atsikana a kwathu. Inunso tumizani kwina. Dzina lake sindikulidziwa, nde khonsolo singandithandize. Wamtali, chipewa chachikasu, dzino lakutsogolo losweka, amakweza kabichi. Kabichi amatsitsa dzuwa lisanalowe.

Mukamuona musayambe ndi moni. Muuzeni ayang'ane pakona.